Ndinagulitsa Kayendedwe ka Abambo

Amayi anga okondedwa,

Choyamba landirani moni wanga. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano, nanga msana wanu uja? Achemwali anandiuza pafoni kuti abambo mukumawatembenuza nokha pabedi, m'mawa ndi madzulo, ndipo wina akati akuthandizeni mukumakana. Amayi, msana ndi umodzi, mukauthyola awasamala ndani? Nanga iwowo chakudya chikulowa? Mawu ayamba kumveka bwino? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chikhalirecho foni ilipo. Nkhani ndili nayoyi ndayesa katatu kuiyamba pafoni, ndipo katatu konse ndinathera kukufunsani za mvula. Ndiye ndati bola pepala, silidula munthu mawu.

Amayi, ndinawalakwira abambo, ndipo iwo sakudziwa. Ndinatenga kayendedwe kawo, kutsimphina kwawo kuja, n'kukagulitsa kuntchito kuno. Papita zaka zisanu ndi chimodzi ndikudya za mwendo wawo osawauza. Tsopano kuntchitoko akufuna zoposa pamenepo, ndipo sindingathenso kupitiriza iwo asanamve. Khalani pansi ndikufotokozereni bwinobwino.

Mumauza anthu kuti mwana wanu ali pantchito ya makompyuta. Si bodza, koma kompyutayo ine sindiigwira n'komwe. Kampani yathu imapanga magemu, masewera aja anthu amasewera pa TV atagwira kachipangizo m'manja. Athuwa ndi a nkhani yaitali. Wosewera amakhala ngati ndi munthu wa m'nkhanimo, amayenda m'mizinda yongopeka, kumenya nkhondo, kucheza ndi anthu, kusankha yekha chochita, ndipo kuti afike kumapeto pamatha milungu. Anthu a m'gemumo amachita kuwajambula pakompyuta, koma kuti aziyenda ngati anthu enieni pamafunika munthu weniweni woti awayendere. Munthuyo ndine.

Amandiveka chovala chakuda chothina ngati sokosi, chomata timipira toyera m'mawondo, m'zigongono, m'mapewa mpaka pachipumi. Mutandiona mutha kuseka mpaka nthiti kuwawa. Chipinda chake n'chachikulu, chopanda mawindo, pansi anamata mizere ya tepi, m'mwamba muli makamera makumi anayi. Makamerawo nkhope yanga alibe nayo ntchito, amangotsata timipirato. Ndikayenda, pakompyuta pamayenda kamunthu ka timizere tokhatokha, kenako anzanga ena amakaveka thupi, nkhope ndi zovala. Nkhope ndi ya wina, mawu ndi a wina, changa ndi kayendedwe basi.

Chaka choyamba ntchito yanga inali kufa. Ndinkakhala msilikali wamba, uja amangotulukira kuti aphedwe. Ndafa chagada, ndafa chafufumimba, ndafa kugwa pamasitepe, tsiku lina ndinafa maulendo makumi asanu ndisanamwe tiyi. Otero amawachotsa ntchito mosavuta, poti kufa aliyense amatha. Ndipo mukudziwa kuti chilolezo changa chokhalira kuno chimadalira ntchitoyi, ikatha nachonso chatha.

Ndiye m'gemu yoyamba imene ndinagwirapo ntchito munali nkhalamba ina yosula zitsulo, kumene wosewera amapita kukakonzetsa lupanga. Abwana amene amatiyang'anira pojambula, tinawapatsa dzina loti a Bwerezani chifukwa mawu ena sawadziwa, anadandaula kuti nkhalambayo ikuyenda ngati wina aliyense, akufuna ikhale ndi kayendedwe kakekake. Anzanga atatu anayesa kutsimphina. Amayi, zinali zomvetsa chisoni, amangokhala ngati aponda minga. Ine ndinali pakona, mgwirizano wanga wantchito utatsala milungu iwiri kuti uthe, mtima uli m'mwamba. Sindikudziwa chinandidzutsa n'chiyani. Ndinangoona ndili pakati pa mizere ija, ndikuyenda.

Mukukudziwa kuyenda kwa abambo. Mwendo wamanzere amayamba auponya kumbali pang'ono, phewa lamanja n'kutsika, kenako kaima kaja kakang'ono ngati akumvetsera wina akuwaitana, dzanja n'kukhudza m'chiuno, n'kupitiriza. Ndipo mutu osawerama ngakhale pang'ono, maso kutsogolo, kuti wofuna kuwamvera chisoni achite manyazi yekha. Ndinayenda choncho kuchokera kukhoma mpaka kukhoma. Tsiku limenelo a Bwerezani sananene kuti bwerezani.

Atandifunsa kumene ndinakutenga kuyenda kumeneko, ndinati ndangopeka. Ndinawakana abambo anga pamaso pa anthu khumi ndi awiri, mawu osanjenjemera n'komwe.

Mukukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, tsiku ndinkawatsanzira kumbuyo kwawo pochokera kugalaja kuti anzanga aseke? Anandionera pagalasi la sitolo. Titafika kunyumba inu munatenga lamba, iwo n'kukugwirani dzanja. Anati mwanayu watha bwino, kungoti walakwitsa mwendo, wovutawo ndi wamanzere. Kenako anapita kukasamba, ndipo masiku atatu sanandilankhule. Bola mukanandimenya. Ndinalumbira kuti sindidzachitanso, ndiye taonani zimene ndinadzachita nditamera ndevu.

Koma ndisaname, gemu yoyambayo inali yabwino. Nkhalamba ija inkangoyenda mapazi asanu ndi awiri, kuchoka pang'anjo kufika pachitsulo chosulirapo, n'kubwerera. Inkalankhula pang'ono, ndipo za mwendo wake palibe amene ankadziwa, nayonso sinkanena. Anthu anaikonda modabwitsa. Bambo wina analembera kampani kuti amapita kwa wosulayo ngakhale lupanga lili bwinobwino, kuti akangomuona akuyenda, chifukwa amamukumbutsa agogo ake. Kalatayo anaimata pakhomo la ofesi, ine ndikadutsa chifuwa chinkatukuka. Anandilemba ntchito yokhazikika. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Gemu itayenda malonda, akuluakulu anati pakhale gawo lachiwiri, lopitiriza pamene loyamba linathera. Poti anthu amamukonda wosula uja, anamuchotsa pang'anjo pake kuti aziyenda ulendo ndi wosewera. Munthu wa mapazi asanu ndi awiri anayamba kukwera mapiri, kuwoloka mitsinje, kuvina. Ndipo poti nkhani yachiwiriyi inali yowuma, anaganiza zoti nkhalambayo izisekesa anthu. A Bwerezani ankangoti onjezani, tsimphinani kwambiri, ponyani mwendowo patali. Ine n'kumaonjeza. Kaima kaja anati kakuchedwetsa, ndikachotse. Ndinakachotsa. Mutu anati uziwerama. Ndinaweramitsa.

Tsiku loonetsa gemuyo koyamba tinali muholo, anthu mazana atatu. Pali malo ena pamene tsekwe amathamangitsa wosulayo, iye n'kumathawa chotsimphina mpaka kugwera m'matope. Holo yonse inafa ndi phwete. Amayi, ine ndinaseka nawo, chifukwa abwana anakhala pambali panga ndipo ankandimenya paphewa. Patapita miyezi iwiri achemwali anaimba foni kuti abambo agwa kubafa, mbali imodzi yafa. Ndikudziwa kuti sizikugwirizana, adokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Koma kuyambira pamenepo ndikaganiza za kugwa kwawo, m'makutu mwanga mumamveka kuseka kwa muholo muja.

Gawo lachiwirilo linagulidwa kuposa loyamba, koma amene analigula ambiri anadandaula kuti ndi ndiwo zadzulo zongotenthetsa. Pankhani imeneyi timakangana pafupifupi tsiku lililonse ndi mayi amene amatilembera nkhani za magemuwa. Ndi munthu wabwino ndithu, wamagalasi, ana ake awiri amawalera yekha, ndipo nthawi yopuma timakhala tebulo limodzi pafupi ndi ketulo. Iye amati munthu amene wakhala milungu yathunthu ndi anthu a m'gemu amawasowa ngati abale, ndiye kumubweretsera gawo lina n'kumuchitira chifundo. Amatinso nkhani yatsopano ndi juga, itha kukanika, pamene dzina lodziwika kale limadyetsa anthu mazana awiri a pakampani pano, ine ndemwe ndili momwemo.

Ine ndimamuyankha kuti gemu yoyamba inakoma chifukwa inatha. Wosewera anatsanzikana nawo anthu aja, anamva kuwawa, n'kutseka. Ukawabweretsanso kawiri katatu, kutsanzikana kuja kumasanduka bodza, ngati mlendo woti mwamuperekeza mpaka pasiteshoni mukulira, madzulo n'kumupeza wakhala pakhonde. Ndimamuuzanso kuti zimene nkhani sinanene, wosewera amadzaza ndi zake. Bambo wa kalata uja anaikamo agogo ake. Ukafotokoza zonse, agogowo wawatulutsa panja.

Iye amaseka n'kunena kuti ndimalankhula ngati munthu amene nyumba amamulipirira angelo. Ndipo penapake amanena zoona. Ndinaonapo magemu a makampani ena amene gawo lachiwiri linaposa loyamba, chifukwa nkhani inali ndi chotsala chenicheni choti inene. Choncho sindinganene kuti kupitiriza n'koipa nthawi zonse. Chimene ndaona ndi maso anga n'chakuti ife sitinapitirize chifukwa wosula uja anali ndi mawu otsala. Tinapitiriza chifukwa anthu ankagula, ndipo amene analipira ndi iyeyo.

Tsopano nkhani yafika apa. Akupanga gawo lachitatu, koma ili n'lobwerera m'mbuyo. Likufotokoza za wosula uja ali mnyamata, mwendo usanavulale, ndipo wosewera azikhala iyeyo. Mwezi wathawu anatiitana kuti atiwerengere nkhani yake. Analemba kuti mnyamatayo anapita kunkhondo, zitavuta anathawa usiku n'kuwasiya anzake akuphedwa, ndipo pothawapo anagwera m'dzenje n'kuthyoka mwendo. Ati kutsimphina kwake ndi chilango, ndipo kusalankhula kwake ndi manyazi. Mayi wolemba uja anati osewera amakonda munthu wokhala ndi tchimo lobisika.

Magazi anandiwira. Ndinaimirira n'kunena kuti munthu ameneyu sanathawepo kanthu chibadwire. Onse anandicheukira. Mayi uja anafunsa modekha kuti ndikudziwa bwanji, poti kuyendako ndinati ndinangopeka. Pamenepo ndinagwira njakata, ndipo ndinaulula. Ndinawauza kuti ndi abambo anga, makaniko, kuti jeke inapulumuka ali kunsi kwa lole ya munthu wina, ndipo patatha miyezi inayi anabwerera kugalaja komweko ndi ndodo, n'kugwiranso ntchito zaka makumi atatu, ndodoyo ataitaya. Ndinalankhula misozi ikutsika, ndili m'chovala cha timipira chija, ngati chitsiru.

Ndinkaganiza kuti achita manyazi n'kuisiya nkhaniyo. Koma mayi uja ndinaona maso ake akuwala, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa nkhani ya kuthawa ija. Anati nkhani yoonayi ndi yokoma kuposa yake, n'kutulutsa kope. Anafunsa kuti ankagwira ntchito kwa yani, inu munali kuti tsikulo, analira kapena ayi. Sanachite mwankhanza, ntchito yake ndi yomweyo. Koma ndinaona kuti pofuna kuwateteza ndawaperekanso kachiwiri.

Mawa lake a Bwerezani anandiitanira muofesi mwawo n'kundiikira zinthu ziwiri patebulo. Ndikavomera kuyenda ngati wosula ali mnyamata, ndipo kuyendako kukawagwira mtima, mayi uja alembanso nkhani, za kuthawa zija azichotsa, avulale ali pantchito ngati mmene zinalili. Ndikakana kapena ndikalephera, malowo apatsa mnyamata wina wonyamula zitsulo amene akumufuna kale, nkhani ya wamantha ikhala momwemo, ndipo kumapeto kwake aikako kutsimphina kuja kuchokera pa zimene anandijambula kale. Ati kuyendako n'kwa kampani, ndinasaina ndekha. Ndinapita kukawerenga pepalalo, n'zoona, siginecha ndi yanga. Andipatsa mpaka kutha kwa mwezi wamawa.

Ndayesa, amayi. Lachiwiri lapitali ndinavala chovala chija n'kuyesa kuyenda ngati abambo mwendo uli bwino. Ndinachotsa kuponya mwendo, ndinawongola phewa, ndinasiya kugwira m'chiuno. Pakompyuta panayenda kamunthu koti si aliyense. A Bwerezani anandibwereza maulendo khumi ndi asanu ndi anayi. Ndinayesa kuyenda ngati ine mwini, iwo anapukusa mutu n'kunena kuti ameneyo si wosula uja, ndi munthu wothamangira basi. Ndinakhala pansi pamizere ya tepi ija thukuta lili kamukamu, ndipo ndi pamene ndinazindikira kuti ndikachotsa kutsimphinako, abambo sindikuwadziwa. Ngozi inachitika ine ndisanabadwe, achemwali ali kumsana. Chithunzi cha ukwati wanu ndili nacho, koma pamenepo angoima.

Palinso china chimene chikundisowetsa mtendere. Chikepe cha m'nyumba imene ndikukhala chinawonongeka, ndiye tikumakwera masitepe mpaka nsanjika yachinayi. Sabata yatha mayi eni nyumba anandipeza ndikukwera n'kundifunsa kuti mwendo ndatani, ati akhala akundiona miyezi ingapo koma amaopa kufunsa. Ine kudabwa, mwendo uti? Ndinapita kuchipatala, anandiunika, anandipinda uku ndi uku, n'kunena kuti palibe vuto lililonse. Pobwerera ndinadzera kwa wosoka nsapato wa pakona kuti andikonzere chidendene. Anatembenuza nsapato zonse ziwiri n'kundionetsa kuti yamanzere yokha ndiyo yadyekera kunja. Mukudziwa nsapato za ndani zimene zinkatha choncho. Ndinatenga nsapato zanga osakonzetsa.

Zina za kuno n'zochepa. Kwayamba kuzizira, dzuwa likumalowa tisanaweruke, ndipo zenera la kuchipinda kwanga silitsekeka bwino, ndatsekapo ndi thaulo. Jekete munandipatsa ija ikadalipo, zipi yokha ndiyo inatha. Kutchalitchi ndakhala milungu itatu osapita, musakwiye. Anzanga a kwathu amene tinkakumana Loweruka ambiri anasamukira mizinda ina, watsala mmodzi, nayenso amagwira ntchito masiku onse.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Muwawerengere abambo kalatayi, yonse, osadumpha. Ndikukudziwani amayi, mudzafuna kubisa zoipazo kuti mutiteteze tonse awiri. Chonde musatero. Muwerenge pang'onopang'ono, nthawi imene adya ndipo mutu uli bwino, kenako muwafunse ngati akundilola. Ngati mawu akuvuta, akugwireni dzanja, inu mumawamva.

Akakana, ine ndikakana kuntchito. Ndikudziwa kuti pamenepo ntchito itha, chilolezo chitha, ndipo ndibwera kwathu ndi sutikesi yomwe ndinachoka nayo. Ndikudziwanso kuti kukana kwangako sikuwapulumutsa, chifukwa anthu ochuluka adzasewera gemu imene munthu woyenda ngati iwo ndi wamantha wothawa anzake. Njira zonse ziwiri n'zowawa, ndipo wazikumba ndine. Koma nthawi ino asankhe okha, mwendo ndi wawo.

Akalola, ndiye ntchito yatsala kwa inu, chifukwa padziko pano amene anawaona bwino akuyenda ndi miyendo iwiri yamphumphu ndinu. Amalume anawadziwa mochedwa, anzawo a kugalaja anatha. Mundilembere, kapena muwauze achemwali alembe inu mukunena. Musandiuze kuti ankayenda bwino, zimenezo sizingandithandize. Ndikufuna tinthu ting'onoting'ono. Kodi ankaponda ndi chidendene kapena ndi zala? Manja ankagwedeza kapena ankaika m'thumba? Ankayenda mofulumira moti inu munkatsalira, kapena ankakudikirani? Akafika pangalande ankalumpha kapena ankazungulira? Mutu uja ankauimika choncho kale, kapena anaphunzira atavulala?

Mayi wolemba uja wayamba kale kulemba, ndipo wandionetsa tsamba loyamba la nkhani yatsopanoyo. Ikuyamba mvula ikugwa, mtsikana waima pakhonde la sitolo tsidya la msewu, ndipo mnyamata wosula akumuthamangira. Ndinaliwerenga kawiri n'kulibweza. Amayi, ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, sindinawaonepo abambo anga akuthamanga. Inu munawaona. Ankathamanga bwanji?

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu, muwathokoze chifukwa cha zonse akuchita pamene ine kulibe. Ana awo muwauze kuti amalume awo sanawaiwale, koma gemu yachiwiri ija asaisewere, ngakhale anzawo ali nayo. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali ngati maso awo akulola kuti akuzindikireni, ndi kwa anansi athu a kuseri amene amakuthandizani kupita nawo abambo kuchipatala. Inunso dzisamaleni, ndipo mulole achemwali azikuthandizani kunyamula.

Abambo okha musawapatse moni wanga musanawawerengere. Ayambe amva zonse. Akamva, ngati moniwo akuufunabe, muwapatse.

Tsalani bwino amayi.

Ine mwana wanu wotsiriza